Phula pa Zenera la Ba Norbert

Nkhungu inayamba m'mwezi wa Juni, pa ngodya ya m'munsi ya zenera, yaing'ono ngati chikhatho cha khanda. Ba Eliness anaipukuta ndi nsalu ali m'chipinda, koma sinachoke. Anatuluka, nazungulira nyumba, napukuta kunja, sinachokenso. Apo m'pamene anazindikira kuti madziwo anali pakati pa magalasi awiri, pamene dzanja la munthu silifika.

Zenera limenelo silinali ngati mazenera ena a ku Chinyunyu. Analigula ku Lusaka ndi Anastasia, mwana yekhayo wa Ba Norbert, wobadwa mwa mkazi wawo woyamba amene anamwalira kalekale. Ba Norbert atafa ziwalo mbali ya kumanja, dokotala ananena kuti wodwalayo afunika tulo tokwanira ndi chipinda chosalowa mphepo, pakuti chifuwa chawo chinali chofooka. Koma nyumba inali m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, ndipo malole akamadutsa, makapu ankalira m'kabati. Choncho Anastasia anabwera ndi mmisiri, nabweranso ndi zenera la magalasi awiri omatidwa pamodzi, okhala ndi mpweya wouma pakati pake. Litaikidwa, mkokomo wa msewu unasanduka kung'ung'udza kwa kutali. Ba Norbert, amene anaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zinayi, ankatsamira pa mapilo tsiku lonse akuonera mabasi, ana opita kusukulu, ndi amayi oyanika mbatata pa matebulo awo a m'mbali mwa msewu. Dziko lonse lotsala kwa iwo linali m'zenera limenelo.

Tsiku loika zeneralo, Anastasia anasiya mawu amene sanachoke m'makutu mwa Ba Eliness. Anati, "Ba Eliness, ine ndachita mbali yanga. Ndikadzapeza atate m'chinyezi kapena m'fumbi, ndidzawatenga." Sanawatchulepo amayi chikwatiwire chawo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Ba Eliness sanabereke mwana m'nyumba imeneyo, ndipo ankadziwa bwino kuti mkazi wachiwiri wopanda mwana alibe liwu abale a mwamuna akabwera kudzatenga wodwala wawo.

Pofika pakati pa Julayi nkhungu inali itakwera mpaka pamwamba. M'mawa madontho ankatsika m'kati mwa magalasi n'kusiya mizere yoyera ngati ya laimu. Mabasi anasanduka zithunzithunzi zoyenda, ndipo Ba Norbert anayamba kutembenuzira nkhope kukhoma. Anansi ankati ndi nthunzi ya madzi otentha a pa kasupe wa m'deralo yalowamo. Ena ankati nyumbayo inamangidwa pa malo a chinyontho. Mawu amenewa anakwera basi nafika ku Lusaka. Lolemba Anastasia anaimba foni kunena kuti abwera Loweruka kudzaona yekha, ndi kuti watuma mmisiri uja atsogole.

Mmisiriyo, Davies, anatsika minibasi ya ku Chongwe Lachinayi m'mawa, chikwama cha zitsulo paphewa. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu, wadazi, amene paubwana wake anakhalapo m'kalasi la Ba Norbert. Analowa m'chipinda, nagwada pambali pa bedi, nawomba m'manja.

"Ba ticha, mwauka bwanji? Ndamva kuti mwayamba kuwiritsa tiyi m'windo."

Ba Norbert anamuyang'ana ndi diso la kumanzere, limene linali lakuthwabe. Milomo inavutika kanthawi, kenaka mawu anatuluka olemera. "Wachedwa. Ziro."

"Mwaona, amayi? Zaka zonsezi sanandipatsepo ngakhale faifi," anatero Davies akuseka. Koma atatembenukira ku zenera kuseka kunatha. Anagogoda galasi ndi chikhadabo, nayendetsa chala m'mphepete mwa felemu, napukusa mutu.

Anayala thumba pansi, natenga chitsulo chopyapyala, nayamba kukanganula timizere tomwe timagwira galasi m'felemu, kuyambira tatitali ta m'mbali. Atachotsa ka m'munsi, fungo la madzi okhalitsa linatuluka. Ananyamula magalasiwo mosamala, nawatsamiritsa kukhoma, ndipo onse awiri anaona ngalande ya m'munsi mwa felemu yodzaza madzi obiriwira.

"Vuto ndi ili, amayi," anatero. "Magalasi awa amamatidwa m'mphepete monse kuti mpweya wa pakati usatuluke ndiponso chinyezi chisalowe. M'kachitsulo aka ka m'mbali muli timikanda toyamwa chinyezi. Manje galasi likakhala m'madzi miyezi yambiri, chomatira chimafewa, madzi amalowa, timikanda timakhuta. Zikatero kwatha. Koma madzi sayenera kukhala muno. Pali timabowo kunja totulutsa mvula."

Anatuluka, Ba Eliness akumutsata pambuyo mwakachetechete. Anagwada pansi pa zenera, nafufuza ndi msomali m'munsi mwa felemu. Msomaliwo unatulutsa kanthu kachikasu, kofewa. Ananunkhiza.

"Phula la njuchi," anatero pang'onopang'ono. Anatulutsanso lina m'bowo lachiwiri, ndi lina m'lachitatu. Linali lomatidwa mwaluso, losalazidwa ndi chala. Analiika pa chikhatho, nadikira.

Ba Eliness anakhala pansi pa khonde la nyumba, nawongola chitenje pa mawondo. Analankhula motsitsa mawu kuti asamveke m'chipinda.

"Ndine, mwanangu. Ndinamata ndi dzanja langa m'Febuluwale."

Anafotokoza zonse. Tsiku lina mvula itakata, anapita kuchigayo cha pamsewu, atasiya amuna awo atadya, atasamba, ali m'tulo. Magetsi anazima chimanga chili kale m'chigayo, ndipo anadikira. Anakhala maola awiri. Pobwerera anapeza mzere wakuda wa linthumbu ukukwera khoma la kunja pansi pa zenera, ndipo m'chipinda linali litatsika khoma, litakwera mwendo wa bedi. Ba Norbert anali kudzimenya m'khosi ndi dzanja limodzi lamoyolo, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka. Linali m'makutu, m'khwapa, m'tsitsi. Anawavula, nawakokera pakhonde okha, nazula nyerere imodzi imodzi mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake anapempha phula kwa munthu wa ming'oma ya njuchi, namata kabowo kalikonse kamene maso awo anaona pa nyumbayo.

"Anastasia sadziwa," anamaliza motero. "Akamva kuti atate ake anadyedwa ndi linthumbu ine ndili kuchigayo, sadzadikira n'komwe kuti ndimalize kulankhula."

Davies anatenganso msomali. Anabwerera pansi pa zenera, nagona chammbali, nayang'ana pamene felemu imakumana ndi njerwa. Analowetsa msomali uja, ndipo unalowa wonse wosakhudza kanthu.

"Amayi, timabowo tija sitifika m'chipinda. Timathera m'ngalande ya madzi chabe. Linthumbu linalowera apa." Anawaonetsa mng'alu wopyapyala pansi pa felemu, wobisika ndi mthunzi wa njerwa. "Simenti inauma n'kusiya mpata. Ndinamata ndine. Ndinathamangira minibasi yomaliza tsiku lija, sindinabwerenso kudzaona."

Ba Eliness anayang'ana mng'aluwo nthawi yaitali. Miyezi isanu anagona ndi mtima wakuti anatseka njira ya adani, pamene njirayo inali chitsegukire.

"Akuluakulu anati safunsa anadya phula," anatero pomaliza. "Ine ndinachita kulimata."

"Nanga amene sananene, anadya chiyani? Ndikanakuuzani ntchito ya timabowo tsiku lomwelo."

"Zapita zimenezo. Tandiuzani, nkhunguyi muichotsa bwanji Loweruka lisanafike?"

Davies anapukuta manja pa buluku. "Sichoka, amayi. Ena amaboola galasi kuti liume, koma ili ndi galasi lolimbitsidwa ndi moto. Kungoligunda ndi choboolera, lisweka ngati mchere. Kulimatula n'kulimatanso pamanja, nkhungu ibweranso mwezi usanathe. Mankhwala ake ndi kupima, n'kukapangitsa lina ku Lusaka. Masabata atatu."

"Masabata atatu! Iye akubwera mkuja."

Lole ya makala inadutsa, ndipo m'chipinda chopanda galasi munamveka kutsokomola.

"Ku Rufunsa amagulitsa magalasi wamba," anatero Ba Eliness mosayang'ana Davies. "Mukadula limodzi, n'kuliika bwinobwino m'felemu umu, n'kubisa ili kuseri kwa nkhokwe, ndani adzadziwa? Iye adzaona zenera lowala. Adzamwa tiyi n'kubwerera."

"Ndingathe," anayankha Davies. "Mawa masana lingakhale litalowa, ndipo ndi maso chabe sangazindikire msanga. Koma ndikuuzeni zoona. Ili lankhungu, ngakhale lachita khungu, likugwirabe theka la ntchito yake. Likutsekabe phokoso, likutsekabe kuzizira. Galasi limodzi m'Julayi muno lidzakhala ngati mwayala chitenje pa bowo. Ba ticha adzaona msewu, inde, koma adzaumvanso, ndipo m'bandakucha mphepo idzawapeza."

"Masabata atatu okha."

"Ndi inu mudziwa chifuwa chawo, amayi. Ine ndidziwa magalasi."

Ba Eliness anaimirira nalowa m'chipinda. Mphepo ya Julayi inali kuwomba pa bowo la zenera, ikukupiza kalendala ya ku tchalitchi pakhoma. Ba Norbert anali atatembenuka, akuyang'ana msewu umene sanauone bwino kwa mwezi wathunthu, ndipo m'diso lawo munali chimwemwe cha mwana. Koma milomo inali itachita mbuu, ndipo dzanja la kumanzere linkakoka bulangete mosaphula kanthu. Malole awiri a mafuta anadutsa motsatizana; bedi linanjenjemera, nkhope ya wodwalayo inakwinyika, ndipo chifuwa chinawagwira mpaka misozi. Ba Eliness anawadzutsa, nawasisita pamsana kufikira mpweya utabwerera. Anawafunditsa bulangete lachiwiri. Kenaka anaitana osatembenuka.

"Ba Davies, bwezerani lomwelo."

Davies anaumitsa ngalande ndi nsanza, natsukula timabowo ndi kawaya, naika timapulasitiki tokweza galasi kuti lisakhalenso pansi penipeni. Anapima m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala kwake, nalemba pa chikhatho. Atabwezera magalasi ndi timizere take, chipinda chinakhala chete ndi chofunda, ndipo msewu unabisikanso m'nkhungu. Pomaliza anakanda simenti pang'ono natseka mng'alu uja. Phula lija Ba Eliness analimanga pa nsonga ya chitenje.

Loweruka Anastasia anafika dzuwa lili pamutu, pa galimoto ya kuntchito kwa mwamuna wake. Anali mayi wamtali, wa nkhope ya atate ake. Anapereka moni kwa Ba Eliness mwaulemu wokwanira ndendende, nalowa m'chipinda, nagwada, nagwira dzanja la atate ake kwa nthawi. Atatero anaimirira nayamba kuyendera chipinda. Anagwira khoma ndi chikhatho, anapisa dzanja pansi pa matiresi, ananunkhiza bulangete. Zonse zinali zouma ndi zoyera. Anaima pa zenera.

"Ba Davies, munandiuza kuti windo iyi ikhala zaka khumi. Yakhala chaka chimodzi."

Davies, amene anabweranso m'mawa monga anauzidwira, anafotokoza za chomatira, za timikanda, ndi za madzi okhala m'ngalande chifukwa timabowo tinatsekeka. Anati chinyezi sichichokera m'nyumba.

"Tinatsekeka ndi chiyani?"

"Mavu," anatero Davies akuyang'ana nsapato zake. "Aja omanga ndi dothi. Amakonda timabowo totere."

"Mavu kumanga pa windo ya wodwala miyezi yonseyi, munthu osaona?" Anastasia anatembenukira kwa Ba Eliness. "Nanga mumasesa kuti? Kapena ndinu Ba Davies mwandigulitsa chinthu chowola, manje mukunamizira mavu? Ndiuzeni chimodzi, chifukwa wina pano akundipusitsa."

Ba Eliness anamasula mfundo ya chitenje, naika timibulu titatu ta phula pa tebulo, pambali pa mabotolo a mankhwala.

"Musamunyoze mwana wa eni. Si mavu. Khalani pansi, Ba Anastasia, ndikuuzeni."

Ananena zonse monga ananenera kwa Davies, osachotsa chigayo, osachepetsa maola. Davies analowererapo nanena za mng'alu umene iye anasiya, nati ngati pali mlandu ndi wake. Anastasia sanamuyang'ane n'komwe. Anapita pa bedi, napinda kolala ya atate ake, ndipo anaona timadontho takuda m'khosi ndi kuseri kwa khutu, timene pa Pasaka anauzidwa kuti n'tipsera ta udzudzu.

"Maola awiri," anatero. "Atate anga kudyedwa amoyo, osatha kukuwa. Ndipo ine ndimaimba foni tsiku lililonse, inu n'kumati ali bwino, adya, agona."

"Ndinaopa."

"Munaopa ine. Simunaope kuti libweranso muli kumadzi kapena kumaliro?"

"Chichokere tsiku limenelo sindinapitenso kuchigayo ngakhale kumaliro. Miyendo ya bedi ili m'zitini za mafuta, onani. Phulusa ndimathira kuzungulira nyumba m'mawa uliwonse."

"Ndaona. Ndaonanso kuti muli nokha, ndipo mwakalamba." Anastasia anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikunena kuti simuwakonda, Ba Eliness. Koma ine sindingagone ku Lusaka ndikudziwa zimenezi."

Pa bedi panamveka kulimbana kwa mawu. Ba Norbert anali atakweza dzanja la kumanzere, chala chili chilili monga ankachitira poletsa phokoso m'kalasi.

"Ana... stasia. Ine... pano."

"Atate, mukapimidwe chifuwa chabe. Windo ikakonzedwa tidzaona."

"Pano," anabwerezanso, koma liwu linathera m'chifuwa, ndipo kutsokomolako kunayankha m'malo mwawo.

Ba Eliness analongedza okha chikwama: malaya anayi, kolona, magalasi a maso, ndi supuni yaing'ono yopindika imene ankawadyetsera. Anafotokozera Anastasia kuti phala lisakhale lolimba, ndi kuti powamwetsa madzi aziwapendeketsa kumanzere. Anastasia ankangoti, "Kuli nesi, adziwa." Davies ndi woyendetsa galimoto ananyamula wodwalayo. Podutsa pakhomo, dzanja lamoyo lija linagwira mphuthu ya chitseko, ndipo anali Ba Eliness amene anamasula zala zake chimodzi chimodzi, akunong'ona mawu amene ena sanamve.

Masabata atatu anapita. Ba Eliness ankayala bedi m'mawa uliwonse, ankathirabe phulusa kuzungulira nyumba. Foni ya Anastasia inali yaifupi: ali bwino, apimidwa, agona.

Davies anabwera ndi galasi latsopano lokulungidwa m'makatoni, atalikumbatira ulendo wonse pa mpando wa kutsogolo wa minibasi. Anachotsa lakale, naika latsopano pa timapulasitiki take, nakhomerera timizere ndi chikhatho. Pa timabowo ta kunja anamata tizidutswa ta sefa ya waya, kuti madzi azituluka koma kachirombo kasalowe. Anathira kapu ya madzi m'mphepete, ndipo onse awiri anaona akudontha kunja. Msewu unaoneka wonse, mpaka mitengo ya kutsidya ndi ana ovala yunifolomu ya buluu.

"Ntchito yabwino," anatero Ba Eliness. "Mwini wake akanakupatsani faifi."

Davies sanaseke. Anakhala pa mpando, nazunguza chipewa m'manja.

"Ndinadzera kwa Ba Anastasia dzulo, amayi. Ndawaona ba ticha. Chipinda n'chabwino, koma windo yake iyang'ana mpanda wa njerwa. Aonda. Nesi akabwera ndi supuni, amatseka pakamwa. Sanandipatse ngakhale ziro."

Ba Eliness anagwira m'mphepete mwa bedi.

"Ndinanena kuti galasi lafika, abwerere kwawo. Ba Anastasia akana. Akuti dokotala wapeza madzi m'chifuwa, afunika kukhala pafupi ndi chipatala, mwina mpaka kalekale. Koma anandiperekeza mpaka pageti, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anati, mukawauze Ba Eliness kuti m'chipinda cha atate mungalowe matiresi ena. Anati sangathe kukuuzani pa foni."

"Anati ndibwere, kapena anati mungalowe matiresi?"

"Ndanena monga ananenera."

Ba Eliness anayang'ana kunja, kumene kunali nkhokwe yawo yodzaza theka, mbuzi zitatu, ndi mitengo ya mango imene anabzala chaka cholowa m'nyumbayo. Ku Lusaka akakhala mlendo wogona pansi m'nyumba ya mwana amene sanawatchulepo amayi. Anafunsa nthawi ya minibasi yomaliza, ndipo Davies anati ikadali ndi maola atatu.

Anapita kwa anansi kukasiya mbuzi ndi nkhuku. Anamanga zovala m'chitenje, naikamo ufa wa mawere wa phala ndi kabotolo ka uchi. Asanatuluke m'chipinda anatenga nsalu, napukuta zidindo za zala za Davies pa galasi latsopano, m'kati ndi kunja, mpaka linawala. Kenaka anakoka katani, nakhoma chitseko, natsata mmisiriyo kumsewu.